Galimoto ya Anthu Awiri

Bambo anga, a Januario Alufandika, anagula galimoto ya magiya m'chaka cha 1995 ali ndi dzanja limodzi lokha. Dzanja lomwe linalipolo linali lamanja, pomwe ndodo ya magiya, monga mudziwa, imakhala kumanzere kwa woyendetsa. Mwana wa sitandade wani akanaliona vutoli, koma bambo anga sanalione, kapena analiona n'kulitsinzinira dala. Ine ndine Jesinta, mwana wawo woyamba, ndipo zaka zinayi za utsikana wanga zinathera kumbuyo kwa galimoto imeneyo, ndikukankha.

Kwathu kwenikweni ndi ku Nsanje, kufupi ndi Tengani. Bambo anabwera ku Blantyre ali mnyamata n'kulowa ntchito pa fakitale ina ya zidebe ndi mapoto ku Makata. Anali munthu wodekha, wosamwa, wosajomba ku tchalitchi, koma wamakani ngati chitsa cha mtengo wa tsanya. Akanena kuti mawa kugwa mvula, mvula ikapanda kugwa, wolakwa anali mvulayo. Kale ndithu anaphunzira kuyendetsa galimoto n'kupeza laisensi, poganiza kuti abwana adzawakweza kukhala dalaivala wa lole ya pa kampanipo. Sanawakweze. Laisensiyo inkangogona m'Baibulo, ndipo ankaikonzetsa nthawi yake ikakwana ngati munthu amene ali ndi choyendetsa.

M'chaka cha riferendamu, makina odulira malata anawadya dzanja lamanzere, ndipo madokotala analidula cha m'mfundo. Ntchito inathera pomwepo. Atachira anakwera basi kupita kumudzi kukadzionetsa kwa abale, monga zimayenera kukhalira. Kumeneko akulu awo, a Chrispin, omwe chibadwire sanapitirirepo Bangula, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena pamaso pa anthu kuti anzawo akapita kutauni amabwerako ndi njinga kapena wailesi, koma Januario wapita ndi manja awiri n'kubwerako ndi limodzi. Anthu anaseka, bambonso anaseka nawo. Koma mawu aja anawalowa ngati munga wa m'phazi, ndipo atabwerako anatiuza kuti sadzapondanso kumudzi ndi basi. Tsiku lodzapitanso adzalowa m'mudzimo pa galimoto yawoyawo, akuyendetsa okha, a Chrispin akuona.

Ife tinkati ndi mkwiyo chabe, utha. Chipukuta misozi cha dzanja lija chitatuluka patapita zaka ziwiri, amayi anga, a Bernadeta, anali atapeza kale malo ku Machinjiri oti timangepo nyumba, tisiye kukhala m'nyumba ya lendi ku Malabada komwe chimbudzi chimodzi tinkalimbirana mabanja asanu. Amayi ankagulitsa nsomba zouma, makakana ndi milamba, mumsika wa Ndirande, ndipo mutu wawo unkagwira ntchito. Loweruka lomwe anagwirizana zokaona malowo, bambo anati akudzera kaye ku Zingwangwa. Madzulo ake tinangomva chiphokoso chikukwera mtunda wa kwathu, utsi uli tolo, ana a m'makwalala akuthamangira pambuyo.

Inali pikapu yachikasu, yobadwa ine ndisanabadwe. Woyendetsa anali a Willard, makaniko wa ku Zingwangwa amene anawagulitsa. A Willard anaiimika moyang'ana kumunsi, anatsika msangamsanga, anatola mwala n'kuuika kutsogolo kwa tayala, ndipo tiyi anakana. Pochoka anatchula mongodutsa, ngati akunena za nyengo, kuti sitata inafa, ndiye galimotoyo imafuna mtsetse kapena anthu okankha. Anawonjezera kuti mabuleki amagwira ukawapopa katatu, komanso kuti giya yachiwiri imafuna kuigwirira chifukwa imatuluka yokha. Kupatula zimenezo, anatero a Willard, injini yake inali ya mkango. Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamangira minibasi ngati mmene anathamangira iwo tsiku limenelo.

Amayi anatuluka panja. Anazungulira galimotoyo kamodzi, n'kulowa m'nyumba kukasankha nsomba zawo. Amene amawadziwa amayi anadziwa kuti kunja kwaipa.

M'mawa mwake bambo anavala jekete, natulutsa laisensi m'Baibulo. Nzeru yawo inali yoti chiwongolero azichitsamira ndi mkono wodukawo, kwinaku dzanja lamanja likuwoloka pamimba kukasintha giya. Ine ndinachotsa mwala, galimoto inatsetsereka, inatsokomola, inalira. Kufika apo zonse zinali bwino. Koma atati awolotse dzanja lija, chiwongolero chinapita kwake, ndipo ulendo woyamba wa bambo anga unathera pa benchi ya mayi Petronela, ogulitsa tomato pa mphambano. Palibe anavulala kupatula tomato. Mayi Petronela anatukwana mpaka makolo athu a ku Mozambique omwe ife sitinawaonepo.

Tikutolera tomato uja, ndinaona bambo akuyang'ana amayi, omwe anaima chapatali dengu la nsomba lili pamutu. Amayi anadziwa tanthauzo la diso limenelo.

"Abambo ake Jesinta, kodi munagula galimoto kapena munandigulira ine ntchito?"

"Ndi manambala anayi okha, amake Jesinta. Ine ndikaponda kilatchi ndizitchula, inu muzingokankha ndodoyo."

Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Amayi anatula dengu, nakhala pakati pa mpando wakutsogolo, ndodo ya magiya ili pa bondo. Kuyambira tsiku limenelo Ndirande yonse inazolowera kumva mawu a bambo akutuluka pawindo: "Wani! Thuu! Firii!" Masabata oyambirira magiya ankakukuta ngati chigayo chophwanya miyala, amayi akuti bambo sanapondetse, bambo akuti amayi achedwa. Ine malo anga anali a pawindo, ndipo udindo wanga unali mwala. Ndinkauchotsa, n'kuthamanga nawo, n'kudumphira m'galimoto ikuyenda. Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo ana a m'kalasi mwanga ankandiona ndikuthamanga ndi mwala, nditavala nsapato za gogoda. Ulemu wanga wa uphunzitsi unathera pamenepo.

Moyo wathu wonse unayamba kuyendera mitsetse. Bambo ankadziwa mtsetse uliwonse wa mu Blantyre kuposa mmene ankadziwira masiku obadwa a ana awo. Anzawo okhala m'zigwa anasiya kuwayendera. Tikapita kutauni, galimoto ankaiimika kutali kwambiri komwe kunali kotsetsereka, moti tinkayenda pansi mtunda wautali kuposa anthu obwera pa minibasi. Pomwe panalibe mtsetse, wokankha ndinali ine ndi aliyense wachisoni wodutsa. Mwayi wake unali mtundu uja. Masiku amenewo chikasu chinali ndi tanthauzo lake mu Ndirande, ndipo anyamata ogulitsa malonda m'misewu ankaikankha mokondwa, akuimba nyimbo za chipani, osadziwa kuti bambo anga ndale sankazifuna n'komwe. Iwo ankangokweza mkono pawindo kuthokoza.

Chomwe sitinachiganizire n'chakuti kwathu kuno galimoto ya munthu mmodzi ndi ya dera lonse. Mayi akayamba kudwala matenda a uchembere, mwana akakomoka ndi malungo, bokosi la maliro likafunika kukatengedwa kwa akalipentala, onse ankabwera pakhomo pathu, ndipo zotere munthu sukana. Poyamba ankafunsa bambo. Posakhalitsa anthu anazindikira komwe kunali mphamvu, moti ankagogoda n'kufunsa kuti kodi amayi alipo. Akawapeza kulibe ankawalondola kumsika. Amayi ankasiya nsomba zawo m'manja mwa oyandikana nawo benchi, n'kupita kukasinthira magiya anthu omwe ena a iwo sankawapatsa ngakhale moni. Makasitomala awo ambiri anasamukira kwa ena. Nkhani ya malo a ku Machinjiri inafa, ndipo pamalopo panamanga munthu wina. Tsiku lina tinadutsapo tikuperekeza maliro. Amayi anayang'ana malata atsopanowo, n'kulowetsa firii mwamphamvu moti ndodo inatsala pang'ono kuzuka.

Chaka chilichonse Khirisimasi ikayandikira, bambo ankalengeza kuti chaka chino ndiye tikupita kumudzi. Chaka chilichonse amayi ankayankha chimodzimodzi. Ankati iwo sangatsike mapiri a ku Thabwa, komwe msewu umapindika ngati njoka kutsikira ku Chikwawa, ndi mabuleki opopa katatu. Ankatinso kumudzi n'kwa thyathyathya ngati mphasa, kopanda ngakhale chulu chotsetserekerapo, ndiye kodi bambo akufuna kuti a Chrispin omwewo akawakankhe? Konzetsani mabuleki ndi sitata, ankatero, ine ndikupititsani. Bambo ankavomera ndi mutu, n'kupita kukagula zina. Anagula nsalu zokutira mipando. Anagula hutala yolira ngati ya basi. Anaitana wolemba zikwangwani kuti alembe pa chitseko chawo ndi penti yofiira kuti J. ALUFANDIKA, NDIRANDE. Mabuleki ankati akugwira, kungoti amafuna munthu wowadziwa. Ndinkalakalaka nditawagwira mapewa n'kuwagwedeza, koma bambo ako sungawagwedeze.

Mkangano waukulu unabuka mu 1997, pa ukwati wa mwana wa mnzawo ku Chilomoni. Azibambo atazungulira galimoto kuiyamikira, wina anafunsa kuti zimatheka bwanji kuyendetsa ndi dzanja limodzi. Bambo anadzikoka kolala n'kunena kuti kuyendetsa ndi mutu ndi miyendo, mayiwa amangowagwirira kandodo. Amayi anali pambuyo pawo ndi mbale ya mpunga, ndipo anamva.

Pobwerera tinakwera monga mwa masiku onse. Galimoto italira pa mtsetse, amayi analowetsa wani poyambira mtunda, kenaka anapinda manja pachifuwa. Bambo anaponda kilatchi n'kuitana thuu. Amayi ankayang'ana kutsogolo. Anaitananso thuu, mokweza. Amayi anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

"Amake Jesinta, ndati thuu."

"Yendetsani ndi mutu, abambo. Ine kandodo kanditopetsa."

Munthu wina akanapepesa pomwepo, nkhani n'kutha. Bambo anga anasankha kuyenda pa giya yoyamba kuchokera ku Chilomoni, kudutsa m'tauni monse, mpaka ku Ndirande. Injini inkakuwa ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Apanjinga ankatipitirira, ndipo gogo wina wosenza nkhuni anayenda nafe limodzi kamtunda ndithu. Madalaivala a minibasi ankatiimbira mahutala n'kutifunsa ngati tanyamula mazira. Nditati nditambasule dzanja ndisinthe ndine, onse awiri anandiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo ndinabweza dzanja langa. Ndinatsetsereka pampando mpaka mutu unabisika, kupemphera kuti makolo a ana a m'kalasi mwanga asandione. Tinafika kunyumba madzi a mu injini akuwira.

Galimoto inakhala pa mwala wake masabata atatu. Anthu odwala ankabwera, amayi n'kuwauza kuti akafunse oyendetsa ndi mutu. Bambo pakamwa pawo mawu oti pepani sanatulukepo chibadwire, ndipo sanatuluke ngakhale apa. M'malo mwake, Loweruka lina tinaona wolemba zikwangwani uja atagwada pa chitseko cha kumanzere. Atachoka panali palembedwa kuti B. ALUFANDIKA, zilembo zake zazikulu kuposa za bambo. Amayi anaziwerenga, n'kunena kuti penti imeneyo ikanagula mafuta a mabuleki. Koma m'mawa mwake ndinawapeza akupukuta chitsekocho ndi kansalu konyowa, ndipo Lamulungu tinapita ku Misa pa galimoto.

Sindikudziwa kuti manambala aja anasiya liti kutchulidwa. Ndinangozindikira tsiku lina kuti tachoka ku Malabada mpaka ku Limbe popanda wina kunena wani kapena thuu. Amayi ankamvera kulira kwa injini, phazi la bambo likamatsika dzanja lawo linali litafika kale. Mutu wa ndodo ija unali utasweka, ndiye anaukulunga ndi kachidutswa ka chitenje chawo chakale chobiriwira, komwe kanada ndi thukuta n'kumanunkhira makakana. Ankakangana za mchere, za lendi, za achibale, uku galimoto ikusintha magiya mosalala ngati ya bwana. Zinkandikwiyitsa kuti anthu awiri osagwirizana pa chilichonse ankagwirizana pa chinthu chopusa ngati chimenechi.

Mu Seputembala 1999 amayi anagwa kumsika. Anali akudandaula mutu kwa masabata angapo, koma ankati ndi dzuwa. Anzawo anabwera nawo kunyumba atawagwirira uku ndi uku, ndipo tinati tithamangire nawo ku chipatala cha Gulupu. Ine ndinati agone kumbuyo pa matiresi, magiya ndiyesa ndine. Anakana. Anati sakufuna kufera pa mphambano chifukwa cha anthu awiri osadziwa kanthu. Anakhala pamalo pawo, mutu atatsamira phewa langa, maso ali otseka, n'kusintha magiya njira yonse osaphonya ngakhale imodzi. Pa geti la chipatala anatsegula maso n'kuuza bambo kuti akaimike pa mtsetse, asavutitse mwana. Anamwalira patapita masiku atatu, dzuwa likutuluka.

Kwathu mkazi wolowoledwa amakaikidwa kwa mwamuna wake, choncho thupi linali loti lipite ku Tengani. A mphakati wathu anapeza lole yabwinobwino yonyamula bokosi ndi anthu. Bambo anati anthu akwere loleyo, koma mkazi wawo apita pa galimoto yake. Akuluakulu a mpingo anawanyengerera, achibale anawakalipira, ine ndinalira ndi ukali, koma chitsa chija sichinasunthe. Anatumiza uthenga ku Zingwangwa, a Willard anabwera ndi zipangizo, ndipo mabuleki omwe amayi anawapempha kwa zaka zinayi anakonzedwa masana amodzi. Ndinaima pakhonde ndikuyang'ana miyendo ya a Willard ili kunja kwa galimoto, ndipo ndikuuzeni zoona, tsiku limenelo bambo anga ndinadana nawo.

Wosintha magiya panalibenso wina koma ine. Madzulo amenewo, anthu akuimba nyimbo za maliro m'nyumba, bambo anandikhazika pakati pa mpando injini ili chete n'kundiphunzitsa. Wani kutsogolo, thuu kumbuyo ndipo usaisiye, firii kutsogolo chakumanja. M'mawa tinanyamuka, bokosi lili kumbuyo pamodzi ndi amayi anayi a Chikatolika olidikirira, lole ikutitsatira. M'tauni monse bambo ankatchula manambala bwinobwino, ine n'kumakukutitsa magiya, iwo osadandaula. Titapitirira Milare tinayenda mtunda wautali pa giya ya folo, aliyense ali ndi maganizo ake.

Kenaka msewu unayamba kugwa. Chigwa chonse cha Shire chinaonekera pansi pathu, chotuwa ndi kutentha, ndipo kutsogolo kunali kona yoyamba. Bambo anaponda kilatchi. Ine ndinadikira nambala, dzanja lili pa kansalu kaja, koma nambala sinabwere. Galimoto yopondedwa kilatchi pa mtsetse imathamanga ngati yapenga, ndipo yathuyo inayamba kuthamanga. Kumbuyo amayi aja anasiya kuimba. Ndinawayang'ana bambo. Nkhope yawo inali phee, maso ali pamsewu, akudikira dzanja lomwe kwa zaka ziwiri silinafunepo kuuzidwa. Kona inali itafika pamphuno pamene anadzidzimuka n'kuponda mabuleki.

"Amake Jesinta, thuu!"

Ndinakoka ndodo ija ndi manja onse awiri. Giya inalowa, injini inabuula, galimoto inagwira msewu n'kukhota. Palibe anatchulapo za dzina lomwe anaitana. Ndinagwirira thuu mapiri onsewo mpaka ku Thabwa, ndodo ikunjenjemera ndi kulimbana nane kuti ituluke, mkono wanga ukuwawa mpaka m'khosi. Apo m'pamene ndinadziwira kulemera kwa kandodo komwe amayi ankangogwirira. Misozi inkatsikira m'kamwa chifukwa ndinalibe dzanja loipukutira, ndipo bambo nawonso analibe.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka, bambo akuyendetsa galimoto yawoyawo, mudzi wonse ukuona, monga ananenera. A Chrispin anali kutsogolo kwa anthu. Bokosi litatsitsidwa anazungulira galimoto ija, anawerenga mayina a pa zitseko zonse ziwiri, n'kuuza bambo kuti mphwanga, wachita chamuna. Bambo anawadutsa ngati sanamve, n'kutsatira bokosi.

Titaika maliro tinakhala masiku anayi. Tsiku lobwerera, amuna a m'mudzimo anasonkhana kuti atikankhe, chifukwa amayi ananena zoona, kumeneko kulibe mtsetse ngakhale wa mpira. A Chrispin omwewo anavula malaya n'kuima pakati, manja ali pa galimoto. Ine ndinakhala pamalo paja n'kugwira ndodo. Bambo anabwera, natsegula chitseko chawo, koma sanakwere. Anawerama, nandichotsa dzanja pang'onopang'ono, n'kuyamba kumasula kansalu kobiriwira kaja ndi zala zawo zisanu, pothina akuthandizira ndi mano. Zinatenga nthawi, ndipo anthu okankha aja ankangodikira. Atakamasula anakapinda, nakaika m'thumba la jekete momwe munali laisensi, kenaka anatembenukira kwa akulu awo n'kufunsa kuti basi ya ku Blantyre imadutsa nthawi yanji pa Tengani.